Msuzi wa Mang'ina ndi Phunziro Lochokera ku Vietnam

M'mwezi wa June, pamene mphepo ya chisanu imaomba pa Lilongwe, munthu wolaŵira m'bandakucha pa njira yochokera kwa Mgona kupita ku Kanengo amakumana ndi khamu la abambo ndi amayi akuyenda mofulumira, manja ali m'khwapa, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ameneŵa ndi anthu okasenza mabelo a fodya ndi matumba a feteleza, pamodzi ndi anyamata okafuna ganyu pa zipata za mafakitale. Oŵerengeka mwa iwo amakhala atamwako tiyi ndi chinangwa, koma ambiri m'mimba mumakhala mulibe kanthu, ndipo adzagwira ntchito choncho kufikira dzuŵa litafika paliwombo. Pa nthaŵi yomweyo, kuseri kwa nyumba zogulitsiramo moŵa ku Area 25, ku Kawale ndi kwa Biwi, miphika ikuluikulu imene inali kuŵira mang'ina dzulo lake imakhala itavundikiridwa pa mbaula zozima. Msuzi umene ukadalimbitsa maondo a munthu wa ntchito m'maŵa unathera usiku m'mimba mwa anthu amene anali kungotsitsira moŵa.

Nkhani ino ikunena za msuzi umenewu. Mfundo yake ndi yakuti msuzi wa mang'ina ndi wa mafupa a ng'ombe ndi chimodzi mwa zakudya zokoma zedi zimene mzinda wa Lilongwe uli nazo, koma eni mzindawo amaunyoza, amaubisa kuseri kwa mabala, ndipo ambiri sanaphunzire kusiyanitsa mphika wabwino ndi woipa. Kuti zimenezi zioneke bwino, nkoyenera kuponya maso kutali, ku dziko la Vietnam ku Asia, kumene anthu osauka anatola mafupa amene atsamunda sanali kuwafuna, nawasandutsa chakudya chimene lero chimadyedwa ku Paris, ku Sydney ndi ku California. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kapena kalumo ka ku Vietnam kangathandize ophika ndi akudya a m'malokeshoni a Lilongwe.

Mang'ina ndi miyendo ya ng'ombe kuyambira pa bondo kutsika mpaka ku ziboda. Liwuli likufanana ndi la Chizulu lakuti amanqina. Ku Zimbabwe chakudya chomwechi amachitcha mazondo, pamene ku Zambia amati vimbombo, zimene zikusonyeza kuti mphikawu ngodziŵika m'chigawo chonse chino cha Afrika. Kukonza kwake nkofuna mtima. Wophika amayamba waŵaula miyendoyo pa moto kuti ubweya upse, kenaka amaipala ndi mpeni mpaka khungu litayera, nachotsa zikamba za ziboda, naitsuka kaŵiri katatu, ndipo pomaliza amaidula ndi nkhwangwa kapena chikwanje. Ikaloŵa mumphika imafuna maola anayi, asanu, ngakhale kuposera pamenepo, moto uli wapang'onopang'ono. M'maola amenewo mitsempha ndi khungu zimafeŵa ndi kusungunukira m'madzi, mafuta a m'mafupa amatuluka, ndipo madzi aja amasanduka msuzi wolemera umene umamata milomo ya woumwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Wophika wopupuluma amagulitsa madzi a mchere ndi chikopa cholimba ngati lamba.

Nanga nchifukwa ninji chakudya chofuna luso lotere chilibe ulemu? Kumudzi, ng'ombe ikaphedwa, miyendo ndi mutu kaŵirikaŵiri zimatsalira amuna amene agwira ntchito yosenda, pamene mnofu umapita kwa alendo. Kutauni mang'ina anapeza malo pafupi ndi moŵa, natchuka monga mankhwala a matsire. Chotsatira chake nchakuti mayi wodzilemekeza sangaloŵe kumene akugulitsidwa, mwana wa sukulu sangatumidweko, ndipo munthu wopemphera amaopa kuti abale a mumpingo angamuone akutuluka pa khomo la bala namuganizira zina. Kalaliki kapena mphunzitsi akalandira malipiro a mwezi amatengera banja lake kutauni kukadya nkhuku ndi tchipisi za m'bokosi, pamene mphika wokoma koposa uli kuŵira kuseri kwa nyumba yake. Chakudyacho chilibe mlandu. Chinangoipitsidwa mbiri ndi malo amene chinakulira.

Ku Vietnam msuzi wa mafupa a ng'ombe umatchedwa phở, ndipo eni ake amalitchula liwuli ngati akuti "fa". Kale anthu a kumeneko sanali kudya nyama ya ng'ombe kwenikweni, pakuti ng'ombe ndi njati zoŵeta zinali zolimira m'minda ya mpunga. Atafika Afalansa, amene analamulira dzikolo kuyambira m'zaka za m'ma 1800 mpaka 1954, ng'ombe zinayamba kuphedwa zambiri kuti azungu adye. Mnofu wabwino unali kupita ku matebulo a atsamunda, ndipo mafupa ndi tizidutswa totsala zinali kugulitsidwa motsika mtengo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, m'chigawo cha Nam Định ndi mumzinda wa Hanoi, kumpoto kwa dzikolo, ophika a m'misewu anayamba kuŵiritsa mafupawo ndi kuthiramo tizingwe ta ufa wa mpunga, tofanana ndi supageti koma taphanthiphanthi. Anali kuyenda ndi mtengo pa pheŵa, mbali ina atapachika mphika ndi moto wake, mbali ina mbale ndi zokometsera, namagulitsa kwa anthu a ntchito. Chiyambi chake sichinali chapamwamba kuposa cha mang'ina a kwa Biwi.

Chimene chinakweza msuziwu ndi khama la ophika. Wophika wa ku Hanoi amayamba waŵiritsa mafupa kwa mphindi zoŵerengeka, nataya madzi oyambawo pamodzi ndi magazi ndi litsiro lonse, natsuka mafupa, ndi kuyambanso ndi madzi atsopano. Salola kuti mphika ubwate mwamphamvu, ndipo nthaŵi ndi nthaŵi amayengula thovu ndi mafuta a pamwamba, kwa maola asanu ndi limodzi kapena usiku wonse. Amaotcha anyezi ndi jinja pa makala mpaka makoko atada, naziponya mumphika pamodzi ndi sinamoni ndi kambewu konunkhira kooneka ngati nyenyezi. Pamwamba pa mchere amathira madzi a nsomba zing'onozing'ono zimene zasungidwa ndi mchere m'migolo kwa miyezi yambiri. Msuziwo umatuluka woyera mbee, wooneka ngati tiyi wopanda mkaka. Wogula akafika, wophika amaika tizingwe ta mpunga m'mbale, nayala pamwamba nyama yodulidwa mopyapyala ndi masamba a anyezi, nathira msuzi woŵira umene umapsetsa nyamayo pompo. Wakudya amafinyira yekha ndimu ndi kuonjeza tsabola monga momwe akufunira.

Mbiri ya dzikolo ndiyo inanyamula mphikawu kuupititsa kutali. Mu 1954, Afalansa atagonja, dziko linagaŵidwa paŵiri, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anasamuka kumpoto kupita kumwera, natenga luso lao kukafika nalo ku Saigon. M'zaka za nkhondo, nyama itasoŵa, anthu a ku Hanoi anali kugula msuzi wopanda nyama, nautcha mwanthabwala "phở wopanda woyendetsa", poufanizira ndi ndege za adani zouluka popanda munthu. Mu 1975, chaka chomwecho chimene Lilongwe inakhala likulu la Malaŵi, nkhondo ya ku Vietnam inatha, ndipo anthu ambirimbiri othaŵa kwao anakatsegula timalesitilanti ku America, ku France ndi ku Australia. Mabanja ambiri anaphunzitsa ana ndi ndalama za msuzi. Mu 2024 boma la Vietnam linalemba phở wa ku Hanoi ndi wa ku Nam Định pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha fuko. Chakudya cha amphaŵi chinafika pokhala chonyadira cha dziko lonse.

Phunziro loyamba kwa anthu a ku Lilongwe ndi la nthaŵi. Ku Vietnam phở ndi chakudya cha m'maŵa. Tambala akamalira ophika amakhala atatsegula kale, ndipo pa timipando tating'ono ta m'mbali mwa msewu pamakhala agogo, ana a sukulu, madokotala ndi onyamula katundu, onse ataŵeramira mbale za mtundu umodzi. Palibe amene amachita manyazi. Mayi wophika mang'ina kwa Mgona atateleka mphika madzulo, nautsegula m'maŵa pa njira ya ku Kanengo, angapeze ogula amene sakhala pa bala: osenza katundu, oyendetsa kabaza, amayi opita kukaoda tomato, ndi alonda oŵeruka usiku. Wosenza mabelo amene wamwa bakuli la msuzi wotentha ndi mpunga pang'ono amafika masana ali ndi mphamvu, kusiyana ndi mnzake amene wangotsuka m'kamwa ndi tiyi wa shuga wambiri. Ndipo ogula a m'maŵa sabwereka msuzi ndi lonjezo la munthu woledzera.

Sikuti Amalaŵi ayambe kuphika phở. Tizingwe ta mpunga si chizoloŵezi cha kuno, ndipo kutsanzira mbale ya eni popanda kudziŵa mtima wake nkungodzivuta. Chofunika kubwereka ndi khama lija lotaya madzi oyamba, loyengula thovu, ndi lodikira. Zokometsera zilipo kale m'misika ya ku Kawale ndi ku Area 23: anyezi, adyo, jinja, mandimu, ndi tsabola wa kambuzi amene fungo lake silipezeka kwina. Mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga umagwirizana ndi msuzi wa mafupa monga mbale ndi chivundikiro chake. Wina angaponyemo mbatata ya kachewere ya ku Dedza, wina chinangwa, wina nthochi zaziŵisi monga amachitira anthu a ku Karonga pophika mbalaga. Masamba a mpiru kapena a chainizi oduladula, oponyedwa m'mbale msuzi uli woŵira, amapsa pompo osataya kubiriŵira kwake. Wokonda nsima naye saletsedwa. Lilongwe ndi mzinda wa anthu obwera kuchokera m'maboma onse, ndipo mphika wake uyenera kuonetsa zimenezo.

Tsono funso limene oŵerenga ambiri angafunse ndi ili: kodi munthu wofuna msuzi wabwino aupeza bwanji? Chinthu choyamba ndi kusakhulupirira penti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali malesitilanti a zikwangwani zoŵala, a wailesi yakanema pakhoma ndi maluŵa a pulasitiki pa tebulo, amene msuzi wao ndi madzi ofiiritsidwa ndi tomato ndi zokometsera za m'mapaketi. Palinso tizisakasa ta malata akale kwa Chinsapo ndi kwa Mgona, kumene mayi mmodzi waphika mphika umodzi womwewo kwa zaka zambiri, ndipo dzanja lake silisoŵa muyeso wa mchere. Anthu a ku Hanoi amadziŵa bwino chinthu chimenechi: amalemekeza kwambiri nyumba imene imagulitsa chakudya cha mtundu umodzi wokha. Wophika amene amalonjeza chambo, nkhuku, mbuzi, nyemba, tchipisi ndi mang'ina pa mbaula ziŵiri zokha, china mwa izo amachiphika mwachinyengo.

Chachiŵiri ndi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Oyenera kufunsidwa ndi anthu amene amadya kunja tsiku ndi tsiku ndi ndalama zovutikira: oyendetsa kabaza pa siteji, makondakitala a minibasi, amakanika ndi owotcherera zitsulo a kwa Biwi. Anthu ameneŵa sabwerera kaŵiri pamalo pamene anatsekula m'mimba, ndipo amadziŵa mayi amene dzanja lake ndi lopatsa. Mlendo akafika pamalopo ayang'ane amene akudya. Ngati wophika akuwatchula maina, nadziŵa amene amafuna chiboda ndi amene amafuna fupa la mafuta, ndiye kuti ogulawo ndi a masiku onse. Ayang'anenso nthaŵi imene mphika umatha. Msuzi wabwino suchedwa, wofika mochedwa amauzidwa kuti, "Pepani achimwene, zatha, mubwere maŵa." Mau amenewo ndi umboni wabwino kuposa chikwangwani chilichonse. Koma mphika umene sutha kuyambira m'maŵa mpaka pakati pa usiku, kaŵirikaŵiri umakhala ukubatizidwa ndi madzi.

Chachitatu ndi mphika weniweniwo. Wophika wosabisa kanthu sakana kuvundukula. Msuzi wabwino umakhala pa moto, ukuŵira pang'onopang'ono, ndipo fungo lake ndi la nyama, lopanda kununkha kwa ubweya wopserera kapena kwa ndoŵe. Pamwamba pamaoneka timadontho ta mafuta, osati chithaphwi cha mafuta chokwirira zonse. Nyama ya pa fupa iyenera kuchoka ndi chala chokha, ndipo khungu liyenera kutafunika ndi munthu wokalamba. Pali muyeso wina wosanama: munthu akamwa msuziwo, milomo imamatana pang'ono, ndipo wotsala m'mbale ukazizira umagwirana ngati phala. Kugwirana kumeneko kumachokera m'mitsempha ndi m'khungu zimene zasungunuka, ndipo sikungagulidwe m'paketi. Ena amathira ufa kuti msuzi ulemere, koma wotere umaoneka wa mbuu ndipo sumata milomo. Msuzi woŵaŵa mchere kapena tsabola kwambiri uyenera kukayikiridwa, pakuti zoŵaŵa zimabisa zambiri. Wophika wodzidalira amaika mchere ndi kambuzi pa tebulo kuti wakudya adzithirire yekha.

Chachinayi ndi kumene nyama yachokera. Miyendo ya ng'ombe siinena ngati mwini wake anaphedwa kapena anafa yekha ndi matenda. Nchifukwa chake wogula ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Mayi, mang'inaŵa mumaoda kuti?" Wophika wabwino amatchula butchala yake mosazengereza, ndipo nthaŵi zambiri amakhala ndi butchala imodzi imene imamusungira miyendo tsiku limene ng'ombe yaphedwa. Nyama yoyezedwa ndi alangizi a ziŵeto imadindidwa chidindo, ndipo butchala yogulitsa nyama yotere ndiyo yoyenera kuodako. Nyama yobwera usiku m'thumba, yotsika mtengo modabwitsa, imene woibweretsa safuna kunena mudzi wake, ndi yoyenera kuithaŵa ngakhale phindu lake litaoneka lalikulu. Wophika amene wadwalitsa anthu kamodzi amataya m'tsiku limodzi mbiri imene anaimanga zaka khumi.

Chachisanu, chimene chiposa zonse, ndi madzi. Anthu a ku Lilongwe sanaiŵale kolera imene inabuka mu 2022 ndi kupitirira mu 2023, imene inadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Pa nthaŵi yotere chala chimaloza msanga kwa ogulitsa zakudya zophikaphika. Koma nkofunika kumvetsa pamene pali ngozi. Kachilombo ka kolera sikapirira madzi oŵira, kotero msuzi wochokera pa moto ndi chimodzi mwa zakudya zosaopsa kwenikweni pamsika. Ngozi ili m'beseni lotsukira mbale limene madzi ake sanasinthidwe chiyambire m'maŵa, ili m'manja a wogaŵa chakudya amene akulandiranso ndalama, ili mu tomato ndi kabichi zaziŵisi zoikidwa pambali, ndiponso m'madzi ozizira oonjezedwa mumphika moto utazima. Wogula wanzeru, asanayang'ane mtengo, amayang'ana kumene mbale zikutsukidwa. Ngati pali ndowa ya mpopi ndi sopo, ngati madzi osamba m'manja ndi othirirana osati a m'beseni limodzi, ngati mbale zavundikiridwa pa thandala, angakhale pansi ndi mtima umodzi. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Pali ena amene angatsutse nkhani yonseyi ponena za makala, ndipo mau ao ngomveka. Mphika woŵira maola asanu umadya makala ambiri, ndipo makala ambiri a mu Lilongwe akhala akuchokera ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokeranso mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse umamwa. Nkhalangoyi inaonongeka kufikira kuti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukailondera. Kodi nkwanzeru kulimbikitsa chakudya chotha mitengo? Yankho lili paŵiri. Poyamba, mphika umodzi waukulu wodyetsa anthu makumi asanu umatha makala ochepa kusiyana ndi mbaula makumi asanu zoyaka m'makomo makumi asanu. Kachiŵiri, mang'ina safuna moto waukali. Amafuna kutentha kokhalitsa. Wophika ataŵiritsa mphika bwinobwino, nauvundikira zolimba, nauika m'dengu loyalamo nsanza ndi mabulangete akale, mphikawo umapitiriza kupsa wokha kwa maola angapo, malinga aubwezere pa moto kuti uŵirenso asanayambe kugaŵa. Alipo ena amene ayamba kuphikira gasi, makala oumba a utuchi, kapena mapoto otsekera nthunzi amene amafeŵetsa fupa m'nthaŵi yochepa. Njira zilipo, chosoŵa ndi woziphunzitsa kwa amayi a m'misika.

Ena angati msuzi wa mafupa ndi wa mafuta ndi mchere wambiri, ndipo matenda othamanga magazi achuluka m'tauni. Izinso nzoona, ndipo nkulakwa kuutamanda msuziwu ngati mankhwala ochiza nthenda iliyonse, monga amachitira ena pa mabala. Ndi chakudya basi, ndipo chimafuna muyeso. Apa ndi pamene kuyengula mafuta, kuchepetsa mchere mumphika ndi kuonjeza masamba kumathandiza. Za mtengo nazo nzosabisika. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, nyama ya mnofu yatalikira mabanja ambiri a kwa Chinsapo ndi ku Area 23. Pa nthaŵi yotere mbale ya msuzi wa fupa ndiyo njira yokhayo imene munthu wa ganyu angalaŵire ng'ombe. Koma nthaŵi yomweyo ndi imene wophika amayesedwa kuti aonjeze madzi. Wophika woona mtima amachepetsa bakuli kapena kukweza mtengo poyera, osati kugulitsa msuzi wopanda woyendetsa mwakachetechete.

Akuluakulu a Khonsolo ya Mzinda nawo ali ndi gawo lao. Kuthamangitsa ophika m'misewu kumangowasamutsira kuseri kwa mipanda, kumene kulibe woona ukhondo wao. Chothandiza nkupatula malo m'misika ya m'malokeshoni, okhala ndi denga, mpopi wa madzi, ngalande ndi chimbudzi chosamalidwa, ndi kupereka ziphaso pa mtengo umene mayi wa mphika umodzi angaukwanitse. Alangizi a zaumoyo aziyendera malowo kukaphunzitsa, ndipo wophika amene wakhoza apatsidwe chizindikiro chopachika pa khomo kuti ogula amudziŵe. M'madera monga kwa Mgona ndi kwa Chinsapo, kumene mabanja ambiri amatunga madzi pa makiyosiki, malo ophikira oyandikana ndi kiyosiki angachepetse theka la mavuto onse. Ziphaso ndi misonkho ya pamsika zimene ophika amalipira ziyenera kubwerera kwa iwo mwa njira ya mpopi wotuluka madzi. Mzinda umene pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi sungadyetsedwe ndi mahotela a ku City Centre okha.

Ogula nawonso asinthe khalidwe. Mayi amene wadzuka pakati pa usiku kusonkha moto, amene manja ake apsa ndi kuŵaula miyendo ya ng'ombe, ndi mmisiri monga kalipentala kapena telala, ndipo sayenera kuitanidwa ndi likhweru kapena kukuwiridwa kuti "iwe". Ayenera kupatsidwa moni, kutchedwa mayi, ndi kulipidwa popanda kunyinyirika. Munthu akapeza mphika wabwino auze anzake a kuntchito ndi a kumpingo, atengereko mkazi wake ndi ana Loŵeruka m'maŵa, kapena atume mwana ndi kontena kuti banja lonse lidyere kunyumba. Akapeza cholakwika anene mwaulemu kwa mwini wake, pakuti wophika amene sadzudzulidwa sakula. Umu ndi mmene ophika a ku Hanoi anakulira: ogula ao anali ovuta kuwakondweretsa, okumbukira kukoma kwa dzulo, ndi okhulupirika kwa amene sanawanyenge. Ana a ophikawo anaona kuti ntchito ya makolo ao ndi yolemekezeka, naipitiriza, kotero kuti nyumba zina za phở zakhala m'banja limodzi mibadwo itatu.

Mafupa alipo m'mabutchala a Lilongwe, mpunga ulipo, kambuzi alipo, ndipo amayi odziŵa kudikira mphika alipo kuyambira ku Area 25 mpaka kwa Chinsapo. Chisanu cha June chidzabweranso, ndipo khamu lija lidzadutsanso pa njira ya ku Kanengo manja ali m'khwapa. Mayi woyamba amene adzaika benchi, ndowa ya mpopi ndi mphika woŵira pa njira imeneyo dzuŵa lisanatuluke sadzasoŵa ogula, ndipo bambo amene adzakhala pa benchipo ndi mwana wake wa sukulu sadzakhala ndi chifukwa choyang'ana uku ndi uku kuopa womuona.

Gawo lotsatira lidzakamba za nthumbwana ndi zam'kati, ndi mmene wogula angadziŵire zotsukidwa bwino.